Chifuwa Chimene Sichinali TB

Amene anayendapo pa msewu waukulu wochokera ku Harare kupita ku Mutare amadziwa kuti ukapitirira Marondera umafika pa katauni kakang'ono ka Macheke, mtunda wa makilomita oposa pang'ono 100 kuchokera ku likulu la Zimbabwe. Kumeneko ndi kwa fodya. Uku ndi uku kwaima mabalani a njerwa, ndipo nyengo youmitsa fodya ikafika utsi umagona m'zigwa mpaka dzuwa litakwera. Kuseri kwa mabalaniwo kuli makomboni, ndipo m'makomboni ambiri mumamvekabe Chichewa cha ana ndi zidzukulu za anthu amene anachokera ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete kudzagwira ntchito m'mapulazi a azungu.

Pa komboni ina ya m'derali pamakhala mayi wina wachikulire amene anthu amangowatchula kuti amayi a zaumoyo. Bambo awo anachokera ku Ntcheu pa magalimoto a Ulere, aja ankanyamula anthu ofuna ntchito osawalipiritsa, ndipo sanabwererenso kumudzi. Mayiwa anabadwira pa pulazi nakwatiwa pomwepo. Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, boma ndi mabungwe anayamba kuphunzitsa anthu a m'makomboni ntchito ya zaumoyo, ndipo iwo anali mmodzi mwa osankhidwa. Anaphunzira kukonza madzi a mchere ndi shuga, kuyeza ana pa sikelo, kumanga bala ndi kulondoloza odwala TB kuti asadumphitse mankhwala. Komabe nthenda ya mwana amene anakulira m'nyumba mwawo momwe inawazemba kwa zaka zambiri.

Mwana wa mng'ono wawo

Mnyamatayo anali wa mng'ono wawo. Anabadwa kutatsala zaka ziwiri kuti mapulazi ayambe kulandidwa mu 2000. Bambo ake anamwalira iye akuyamwa, ndipo mayi ake anatsatira iye asanayambe sukulu. Masiku amenewo pa maliro otere anthu ankangoti malemu adwala nthawi yaitali, ndipo aliyense ankamva tanthauzo lake popanda kulitchula. Kwa Achewa mwana wa mng'ono wako ndi wako, choncho mayiwa anamutenga, nayenso anakula akuwaitana kuti amayi.

Mantha analipo poyamba. Mayiwa ankadziwa zimene aliyense wa zaumoyo ankaphunzitsidwa, zoti khanda lotenga kachirombo ka HIV kwa mayi ake silikhalitsa. Chiphunzitsocho chinali ndi maziko, pakuti popanda mankhwala pafupifupi theka la makanda otere amamwalira asanakwanitse zaka ziwiri. Tsono mwanayu atafika zaka zisanu, kenaka zisanu ndi ziwiri, akusewera ndi anzake pabwalo, mayiwa anagwada nathokoza Mulungu kuti wapulumuka. Kuyambira pamenepo ganizo la kachirombo analitsekera kunja kwa nyumba.

Chifuwa chinayamba ali giredi 2. Ankatsokomola usiku, ndipo m'mawa ankalavula makhololo ambiri. Msinkhu unaima, moti anzake obadwa nawo chaka chimodzi anamupitirira ndi mutu wonse. Sukulu yawo inali m'nyumba yakale ya mwini pulazi, pamwamba pa chitunda, ndipo iye ankaima katatu panjira kuti apezeko mpweya. Pakhungu pake sipankatha zilonda. Nsonga za zala zake zinayamba kubulungira, zikhadabo zitapindika ngati msana wa supuni.

Pa komboni aliyense anali ndi yankho lake. Ena ankati ndi fumbi la fodya, poti ali wakhanda ankakhala kumsana kwa mayi ake m'shedi yosankhira fodya. Ena ankaloza utsi wa m'khitchini. Agogo aakazi ankanong'ona za mdulo, kuti alipo amene anathira mchere m'ndiwo zake asali woyenera, ndipo tsiku lina mayiwa atachokapo anamutengera kwa sing'anga amene anamutema mphini pachifuwa. Mayiwa anakwiya nazo mphinizo, chifukwa iwo anali otsimikiza kuti imeneyi ndi TB.

Kuchipatala anayeza makhololo koma tizirombo ta TB sitinaoneke. Chithunzi cha X-ray chinaonetsa mithunzi yokayikitsa, ndipo anamulembera mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi. Mayiwa anamumwetsa ndi dzanja lawo osadumphitsa tsiku. Anapezako bwino pang'ono, kenaka chifuwa chinabwerera. Patapita zaka ziwiri anamulemberanso mankhwala omwewo. Zimenezi zinkachitika m'zaka zowawa za 2007 mpaka 2009, pamene ndalama ya Zimbabwe inasanduka mapepala chabe, ndipo ulendo umodzi wopita kuchipatala unkadya nkhuku. Anamwino sanalakwe mwadala. M'dziko limene TB ili paliponse, mwana wotsokomola miyezi yambiri amaganiziridwa TB poyamba, ndipo mwana wa zaka khumi panalibe amene ankamuganizira za HIV.

Zimene dokotala wina ankaona ku Harare

M'zaka zomwezo, ku Harare kunali dokotala wina, Rashida Ferrand, amene lero ndi pulofesa pa sukulu ya London School of Hygiene and Tropical Medicine ndipo amachita kafukufuku mogwirizana ndi bungwe la Biomedical Research and Training Institute la mumzindawo. M'zipinda za odwala ankakumana ndi ana okulirapo, opinimbira, ambiri a iwo amasiye, akudwala matenda odziwika ndi Edzi. Ana amenewa sankayenera kukhalapo malinga ndi zimene mabuku ankanena. Mmalo mongodabwa, iye ndi anzake anayamba kuwerenga ndi kulemba.

Mu 2007 ndi 2008 anayeza achinyamata 301 a zaka 10 mpaka 18 amene anagonekedwa m'zipatala ziwiri zazikulu za mumzindawo, cha Parirenyatwa ndi cha Harare Central, chimene lero chimatchedwa Sally Mugabe. Mwa iwo, 139 anapezeka ndi kachirombo, kutanthauza 46 pa 100 alionse, ndipo zizindikiro zinkaonetsa kuti ambiri anakatenga kwa amayi awo ali makanda. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2010 m'magazini ya madokotala ya PLoS Medicine. Chaka cha 2009 gulu lomwelo linali litalemba kale kuti pafupifupi khanda limodzi mwa atatu alionse obadwa ndi kachirombo limadwala pang'onopang'ono, ndipo theka la ana a gulu limeneli amafika zaka 16 osamwapo mankhwala. Apa panaoneka kuti chiphunzitso chija chinali choona koma chosakwanira. Chinkawerenga ana amene anafa msanga n'kuiwala otsala.

Funso lachiwiri linali la chifuwa. Mu 2012, m'magazini ya Clinical Infectious Diseases, Ferrand ndi anzake anafotokoza za achinyamata 116 a ku Harare obadwa ndi kachirombo koma ozindikiridwa mochedwa. Awiri mwa atatu alionse anali ndi chifuwa chosatha. Ofufuzawa anawauziritsa mpweya m'kachipangizo koyeza mphamvu ya mapapo, anawayendetsa n'kuona mmene mpweya wabwino ukutsikira m'magazi, ndipo ena anawajambula ndi makina a CT, amene amaona mkati mwa mapapo mozama kuposa X-ray wamba. Zimene anaona zinali zosiyana ndi TB.

Mlimi sangavutike kuzimvetsa. Mapapo ali ngati munda wothirira. Mpweya umalowa pa ngalande yaikulu ya pakhosi, imene imagawika pawiri, ndipo iliyonse imagawikanso kambirimbiri mpaka kufika pa tingalande tating'onoting'ono tothirira mzere uliwonse. Mwana akakhala zaka zambiri ndi kachirombo popanda mankhwala, chitetezo chake chimafooka, chibayo ndi matenda ena a m'chifuwa amabwera mobwerezabwereza, ndipo tingalande tija timatupa, timachita zipsera, mapeto ake n'kutsekeka. Mizere ya kumapeto imauma ngakhale madzi ali tho m'ngalande yaikulu. Madokotala amaitchula nthendayi obliterative bronchiolitis. Pa X-ray wamba sioneka bwino, mankhwala a TB saigwira, ndipo ngakhale mankhwala opopera mkamwa a odwala mphumu sathandiza kwenikweni, chifukwa chipsera sichitseguka. Ofufuza a ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre atayeza ana a kumeneko anapezanso ambiri ali ndi mapapo ofooka chimodzimodzi.

Funso la namwino

Mayi wa ku Macheke sanawerengepo magazini amenewa, ndipo mayina ake sanawamvepo. Nzeru ya m'mapepala imayenda pang'onopang'ono ngati ngolo ya ng'ombe, koma imafika. Mnyamatayo ali ndi zaka 13 anapitanso naye kuchipatala, poganiza kuti akamulembera mankhwala a TB kachitatu. Namwino amene anawalandira anayang'ana khadi, nayang'ana zala za mwanayo.

"Amayi, makolo a mwanayu anamwalira ndi chiyani? Nanga iyeyu anayezedwapo magazi?"

"Koma ndi wamkulu uyu, anamwino. Akanakhala nako bwenzi atatisiya kalekale."

"Tikuwaona ambiri amsinkhu wake masiku ano. Mukavomereza timuyeze."

Mayiwa anavomera, ndipo pasanathe ola anali atamva zimene anazithawa zaka zonsezi. Pobwerera sanayankhule m'basi. Mankhwala a ma ARV anali atayamba kuperekedwa m'zipatala za boma ku Zimbabwe mu 2004, mwanayo ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, chifuwa chisanayambe n'komwe. Iwo anali atatumizako anthu akuluakulu ambiri a pa komboni kuti akayezetse, ena mochita kuwakoka dzanja, koma wa m'nyumba mwawo sanamufunsire. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo phula limeneli linawawa pakamwa pawo kwa miyezi.

Ma ARV anagwira ntchito yake. Thupi linabwerera, zilonda zinauma, msinkhu unayambanso kukwera. Chifuwa chokha ndicho chinakana. Ankatsokomolabe m'mawa, ndipo chitunda cha kusukulu chinkamugonjetsabe. Mayiwa anali ataona anthu obwera pa wilibala akudzuka n'kukalima atamwa mankhwala omwewa, tsono kwa iwo chifukwa chinali chimodzi basi. Anayamba kuwerenga mapiritsi m'botolo, kufufuza pansi pa mphasa ndi kuseri kwa chimbudzi.

"Iwe, ukuwataya kuti mankhwalawa? Anzako onse amene akumwa achira."

"Amayi, ndimamwa pamaso panu tsiku lililonse. Mukufuna nditani?"

Mawu otere ananenedwa kangapo, mpaka mnyamatayo anasiya kuyankha. Anayamba kugona kwa mnzake, ndipo kenaka anachitadi chimene ankamunamizira. Anasiya kumwa kwa milungu ingapo, nauza mnzakeyo kuti mankhwala osachiritsa chifuwa alibe nawo ntchito. Chibayo chinamugwira, nagonekedwa m'chipatala masiku ambiri.

Patapita nthawi mayiwa anaitanidwa ku maphunziro a anthu a zaumoyo a m'midzi. Dokotala wophunzitsa anajambula mapapo pa bolodi nafotokoza zimene ofufuza a ku Harare anapeza, kuti mwana akhoza kumwa ma ARV mokhulupirika, kachirombo n'kugona tulo m'magazi, koma zipsera za m'mapapo n'kukhalapobe. Anzawo ankalemba m'makope. Iwo anangogwira pensulo osalemba kanthu.

Pa chikhalidwe chathu si chapafupi kuti kholo lipepese mwana. Madzulo a tsikulo mayiwa anaphika nsima, namuitana, nadikira kuti amalize kudya.

"Mwanangu, ndinakulakwira. Mankhwala unkamwa. Chifuwachi si mlandu wako."

Anamufotokozera za tingalande totsekeka monga mmene iwo anamvera. Mnyamatayo anakhala chete nthawi yaitali.

"Ndiye kuti sindidzachira, amayi?"

"Madzi akatayika saoleka, mwanangu. Mapapo sadzabwerera mwakale. Koma amene atsalawo tiwasunga, ndipo owasunga ake ndi mankhwala omwewo."

Kuyambira usiku umenewo sanadumphitsenso.

Kuchokera ku Harare mpaka ku Blantyre

Ofufuza aja sanalekere pa kutchula dzina la nthenda. Anafuna kudziwa ngati pali mankhwala amene angathandize mapapo owonongeka kale. Kuyambira mu 2016 anachita kafukufuku wotchedwa BREATHE, dzina lotanthauza kupuma, ku Harare ndi ku Blantyre nthawi imodzi. Ana ndi achinyamata 347 a zaka 6 mpaka 19, onse omwa ma ARV koma a mapapo ofooka, anagawidwa pawiri mwa maere. Gulu lina linkamwa mankhwala a azithromycin kamodzi pa mlungu kwa milungu 48, ndipo lina linkamwa mapiritsi ofanana nawo maonekedwe koma opanda mankhwala.

Zotsatira zinatuluka mu 2020 m'magazini ya JAMA Network Open, ndipo ofufuzawo ananena zoona ngakhale sizinali zimene ankalakalaka. Mphamvu ya mapapo sinasinthe. Chimene chinasintha ndi kuchuluka kwa nthawi zimene chifuwa chinkabuka mwadzidzidzi, pakuti kwa omwa azithromycin zinatsika ndi pafupifupi theka. Anapezanso kuti tizirombo tina ta m'mphuno ndi pakhosi tinayamba kupima mankhwalawo. Ichi n'chifukwa chake azithromycin si wogula pamsika kapena wobwereka kwa mnansi. Woyenera kuona ngati mwana akufunika mankhwalawa ndi dokotala.

Mayiwa atamva kuti ana a ku Blantyre anali m'kafukufuku mmodzi ndi ana a ku Harare anaseka pang'ono. Ashona amatchula anthu a pa komboni kuti Mabhurandaya, anthu a ku Blantyre, ngakhale ambiri a iwo mzindawo sanauonepo. Iwonso dziko la bambo awo sanalipondepo, komabe chifuwa cha mwana wawo chinali chimodzi ndi cha ana a kumeneko.

Pa zolemba zonse za gulu la Ferrand, ziwiri zimakhudza mwachindunji munthu wogwira ntchito m'mudzi. Choyamba ndi kafukufuku wa ZENITH, wosindikizidwa mu 2017. Ana a ku Harare a zaka 6 mpaka 15 ongopezeka kumene ndi kachirombo anagawidwa pawiri. Ena ankangolandira chithandizo cha kuchipatala, pamene ena ankayenderedwanso kunyumba ndi anthu a zaumoyo a m'dera lawo, amene ankakhala pansi ndi wolera mwana kukambirana za mankhwala, za kumuuza mwana zoona, ndi za mavuto a pakhomo. Patatha chaka akumwa ma ARV, ana amene anamwalira kapena amene kachirombo kanali kosagonjabe m'magazi mwawo anali 49 pa 100 alionse m'gulu losayenderedwa, koma 33 pa 100 alionse m'gulu loyenderedwa. Mankhwala anali amodzimodzi. Kusiyana kunabwera ndi munthu wogogoda pakhomo.

Chachiwiri ndi mafunso anayi amene Tsitsi Bandason, Ferrand ndi anzawo anawayesa m'zipatala zazing'ono za ku Harare nawasindikiza mu 2016, othandiza kuzindikira mwana wamkulu woyenera kuyezedwa msanga. Kodi mwanayu anagonekedwapo m'chipatala? Kodi amadwaladwala matenda a pakhungu? Kodi kholo lake limodzi kapena onse awiri anamwalira? Kodi wakhala wosapeza bwino m'miyezi itatu yapitayi? Mafunsowa safuna makina kapena magetsi. Mayi wa ku Macheke atawamva anawerenga pa zala zawo, napeza kuti mwana wawo akanayankha inde pa atatu ali ndi zaka zisanu ndi zitatu zokha.

Pa komboni lero

Zinthu zasintha kuyerekeza ndi zaka zija. Mu 2011 dziko la Malawi linayamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi kachirombo, Zimbabwe inatsatira mu 2013, ndipo makanda obadwa nako achepa kwambiri. Komabe mwana wozembedwa sasowa, makamaka m'makomboni, kumene mayi amatha kuchirira pakhomo, banja limasamuka pulazi ndi pulazi kutsata ganyu, ndipo mwana wamasiye amadutsa m'manja mwa achibale atatu popanda amene akudziwa mbiri yake yonse.

Mnyamata uja tsopano ndi bambo wa pabanja pake. Ntchito yosonkhezera moto pa balani kapena kulowa m'kati kukapachika fodya sangaithe, ndipo anaileka osaiyesanso. Amalemba m'kaundula kulemera kwa mabelo a alimi a m'derali, atakhala panja pa shedi kumene mphepo imapita. Ndudu sailawa. Mkazi wake amaphikira pa khitchini yotseguka mbali ziwiri, ndipo chifuwa chikangosintha mtundu kapena thupi likatentha amapita kuchipatala tsiku lomwelo. Chitunda chija amachikwerabe moima panjira. Mwana wawo woyamba anayezedwa ali wakhanda, nayezedwanso atasiya kuyamwa, ndipo alibe kachirombo.

Mayiwa miyendo yayamba kulemera, koma amayendabe khomo ndi khomo ndi kachikwama kawo. Mwana aliyense wotsokomola kupitirira milungu iwiri amamutumizabe kukayezetsa TB, pakuti TB ikadalipo ndipo imapha, komanso imachiritsika. Chimene anawonjezera ndi chakuti salolanso kuti nkhani ithere pamenepo. Amayang'ana msinkhu wa mwana, amagwira zala zake, amamuuza kuti ayende nawo mpaka pa mjigo n'kumvetsera mmene akupumira.

Tsiku lina m'nyengo yosankha fodya anafika pa khomo la agogo ena amene akulera mdzukulu wa zaka khumi. Mtsikanayo anali atamaliza mankhwala a TB miyezi itatu yapitayo, koma ankatsokomolabe kuseri kwa nyumba. Mayiwa anakhala pa mphasa, nalonjera, nafunsa za mvula ndi za mitengo ya fodya. Kenaka anafunsa za mayi a mwanayo, ndiponso ngati mwanayo anayezedwapo magazi.

"Aa, amayi a zaumoyo, ameneyu ndi wamkulu. Zimenezo zikanaoneka kale."

"Inenso ndinkatero, agogo. M'mera mpoyamba. Mawa m'mawa ndidzakudutsirani, tipitire limodzi."